Mbiri ya anthu ochuka: Booker T. Washington ndi aphunzitsi ao a pa Tuskegee

Pamene a Booker T. Washington anamwalira pa 14 November 1915, sukulu ya Tuskegee m'cigawo ca Alabama ku America inali ndi ophunzira pafupi-fupi 1,500, aphunzitsi pafupi-fupi 200 ndi nyumba zokwana 100, zambiri mwa izo zomangidwa ndi manja a ophunzira eni ake. Zaka 34 m'mbuyomo, sukuluyo inayambira m'kanyumba kodontha, mphunzitsi ali mmodzi yekha, ndiwo a Washington amene. Dziko limawakumbuka monga mtsogoleri wa anthu akuda a ku America pa nthawi ya tsankho loopsa. Koma nchito imene anagwira tsiku ndi tsiku kufikira imfa yao inali ya ukulu wa sukulu, ndipo aphunzitsi ao anaona mbali ina ya munthuyu imene anthu oomba m'manja pa misonkhano sanaione.

Booker anabadwa ali kapolo pa 5 April 1856 pa famu ya James Burroughs pafupi ndi Hale's Ford m'cigawo ca Virginia. Amai ake, a Jane, anali ophika pa famupo, ndipo atate ake anali mzungu amene mwanayo sanamudziwe konse. Ukapolo utatha mu caka ca 1865, banjalo linasamukira ku Malden ku West Virginia, kumene mnyamatayo, ali ndi zaka 9, anayamba nchito yolongedza mcere m'migolo, ndipo pambuyo pake analowa mu mgodi wa malasha.

Atacoka mu mgodi anakagwira nchito ya m'nyumba kwa Mai Viola Ruffner, mkazi wa mwini mgodiwo. Anyamata sanali kukhalitsa pakhomopo: milungu iwiri kapena itatu, athawa. Maiwo anali kufuna kuti cinthu ciliconse cikhale pamalo pake, pabwalo pasaoneke cinyalala, ndipo bodza sanali kulilekerera. Booker anapirira, nazindikira cimene maiwo anali kufuna, mpaka anayamba kumukhulupirira ndi kumulola kupita ku sukulu maola ena.

Mu 1872, ali ndi zaka 16, anauyamba ulendo wa makilomita mazana angapo wopita ku Hampton Institute, sukulu ya anthu omasulidwa ku ukapolo ku Virginia. Ndalama zinamuthera panjira, motero anagona masiku angapo pansi pa kanjira ka matabwa mu mzinda wa Richmond, usana akutsitsa zitsulo m'combo kuti apeze cakudya. Anafika pa Hampton ali mbuu, m'thumba muli masenti 50. Mkulu wa aphunzitsi, Mai Mary Mackie, anamuyang'ana mokaika, kenaka anamuuza kuti atenge tsache asese cipinda cophunziriramo. Mnyamatayo anasesa katatu, napukuta fumbi kanai. Maiwo anapititsa kansalu kao koyera pa matebulo ndi pa mipando, osapeza fumbi ngakhale pang'ono. Amenewo ndiwo anali mayeso ake olowera sukulu.

Woyambitsa Hampton, a Samuel Chapman Armstrong, anali mkulu wa asilikali pa nkhondo ya paciweni-weni ya ku America, ndipo sukulu yao anali kuiyendetsa monga msasa wa asilikali: belu, perete, kuyendera zipinda, ndi nchito ya manja kwa wophunzira aliyense. Kwa Mai Ruffner, Booker anaphunzira kuona tinthu ting'ono-ting'ono. Kwa a Armstrong anaphunzira kulamula. Anatsiriza maphunziro mu 1875, naphunzitsa kwao ku Malden, ndipo mu 1879 anaitanidwa kukaphunzitsa pa Hampton pomwepo.

Mu 1881 nyumba ya malamulo ya Alabama inavomereza kupereka madola 2,000 pa caka kaamba ka sukulu yosula aphunzitsi akuda mu tauni ya Tuskegee. Akulu-akulu a komiti ya sukuluyo, ena mwa iwo a Lewis Adams amene kale anali kapolo ndi a George Campbell amene kale anali ndi akapolo, analembera a Armstrong kuti awapezere mzungu wokhala mkulu wa sukulu. A Armstrong anachula a Washington, a zaka 25. Atafika, anapeza kuti ndalamazo zinali za malipiro a aphunzitsi basi. Malo panalibe, nyumba panalibe, buku ngakhale limodzi panalibe. Sukulu inatsegulidwa pa 4 July 1881 m'kanyumba kakale pafupi ndi chalichi, ndi ophunzira 30, ambiri mwa iwo aphunzitsi a m'midzi. Mvula ikagwa, wophunzira mmodzi anali kuimirira ndi ambulera kuphimba mphunzitsi kuti phunziro lipitirire.

Zaka zoyambirirazi ndizo zionetsa a Washington pa ubwino wao wonse. Anagula famu yosiyidwa ya maekala 100 pa mtengo wa madola 500, atakongola madola 250 a cikole kwa msungicuma wa Hampton, a James Marshall. Khola la akavalo ndi khola la nkhuku anazisandutsa makalasi. Pamene anauza ophunzira kuti akagwetse mitengo ndi kuswa mphanje, ambiri ananyinyirika, pakuti anabwera ku sukulu kuthawa khasu. A Washington sanakalipe. Anatenga nkhwangwa natsogola kulowa m'thengo, ndipo ophunzira, poona mkulu wa sukulu akutema mtengo, anacita manyazi natsatira.

Kuumba njerwa kunabvuta koposa. Uvuni woyamba unakanika, waciwiri cimodzi-modzi, ndipo wacitatu unagwa usiku njerwa zili pafupi kupsa. Ndalama zinatha, ndipo aphunzitsi ambiri anaona kuti ndi bwino kuileka nchitoyo. A Washington anapita ku Montgomery nakapinyolitsa wochi yao pa madola 15, nasonkhanitsanso anthu ao otopawo. Uvuni wacinai unapsa bwino. Wochiyo sanaiombolenso, koma njerwa za pa Tuskegee zinamanga sukulu, ndipo azungu a m'tauniyo anayamba kubwera kudzagula.

Pa nthawiyi aphunzitsi anali ocepa, ndipo umphawi anali kugawana ndi mkulu wao. Mai Olivia Davidson, amene anafika sukulu itangotsegulidwa nakhala waciwiri kwa a Washington, anali kukonza maphwando ogulitsa zakudya, nayenda khomo ndi khomo m'mizinda ya kumpoto kupempha thandizo, mpaka thanzi lao linafooka. Pambuyo pake anakwatiwa ndi a Washington, amene mkazi wao woyamba, Mai Fanny Smith, anamwalira mu 1884. Mai Olivia nawonso anamwalira mu 1889. Palibe amene akanauza aphunzitsi a masiku amenewo kuti mkulu wao anali kuwasenzetsa katundu amene iye mwini sanasenze.

Zinthu zinasintha sukulu itakula. Zimene analankhula ku Atlanta pa 18 September 1895, pamene analangiza anthu akuda kuika patsogolo nchito za manja ndi cuma m'malo molimbana ndi tsankho poyera, zinawachukitsa m'dziko lonse. Mu 1901 buku la mbiri ya moyo wao, Up from Slavery, linasindikizidwa, ndipo caka comweco anadya cakudya ca madzulo ndi Pulezidenti Theodore Roosevelt ku White House. Mu 1903 mponda-matiki Andrew Carnegie anapatsa sukuluyo madola 600,000. Koma kufuna ndalama kunatanthauza kuti a Washington azikhala pa ulendo pafupi-fupi theka la caka ciliconse.

Ngakhale ali kutali, diso lao silinali kucoka pa Tuskegee. Kulikonse kumene anali, lipoti la tsiku ndi tsiku linali kuwapeza. Linali kunena ndalama zimene zalowa, ophunzira amene sanalowe m'kalasi ndi cifukwa cake, kuculuka kwa mkaka wocokera kukhola, cakudya cimene aphunzitsi ndi ophunzira adya, ngakhalenso ngati nyama inali yophika kapena yoocha, ndiponso ngati ndiwo zamasamba zinagulidwa kusitolo kapena zinacokera m'munda wa sukulu. Akakhala pa sukulu, anali kukwera kavalo m'mamawa ndi kuzungulira malo onse, kabuku kali m'manja. Pepala lotayidwa pansi, zenera losweka, mpanda wothyoka, batani losowa pa jekete ya wophunzira, zonse zinali kulembedwa, ndipo dzuwa lisanakwere mwini udindo anali kulandira kakalata kofunsa cifukwa cake.

Kunena zoona, ukali umenewu unali ndi maziko. Tuskegee inali sukulu ya anthu akuda, yoyendetsedwa ndi aphunzitsi akuda okha-okha, pakati pa azungu amene ambiri a iwo anali kuyembekeza kuti igwe. Anthu akuda anali kuphedwa ndi magulu a ciwawa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo mu 1901 Alabama inalemba malamulo amene analanda ambiri a iwo ufulu wakuvota. Mphekesera imodzi yoipa, kapena mlendo wolemera mmodzi wopeza bwalo lili ndi zinyalala, zikanatha kutseka mpopi wa ndalama. A Washington anali kudziwa kuti colakwa ca mphunzitsi mmodzi cidzawerengedwa monga colakwa ca mtundu wonse.

Panalinso njira zofunsira maganizo a ena. Komiti ya akulu a zigawo za sukulu inali kukumana kawiri pa mlungu, ndipo aphunzitsi onse kamodzi pa mwezi. Kawiri kapena katatu pa caka, ophunzira anali kupemphedwa kulembera mkulu wa sukulu kalata yodandaula za ciliconse. Iwo eni anali kunena kuti sagwira nchito imene wina angaigwire bwino. Komabe mau omaliza anali ao nthawi zonse, ndipo mphunzitsi amene anapatsidwa udindo anali kupeza kuti wapatsidwa nchito yokha, mphamvu yosankha zocita yatsala kwa mkulu. Katswiri wa mbiri yakale, a Louis Harlan, amene analemba mabuku awiri a moyo wa a Washington, anayerekezera ulamuliro wao pa Tuskegee ndi wa mwini famu yaikulu, nafotokoza kuti aphunzitsi anali kuopa kubwerera kwao kucokera ku ulendo.

Palibe mphunzitsi amene nkhani yake ionetsa zimenezi koposa a George Washington Carver. Katswiri wa zomerayu, amenenso anabadwa kapolo, anafika pa Tuskegee mu 1896 ali ndi digiri yaciwiri ya zaulimi yocokera ku Iowa. Pofuna kuwakopa, a Washington anawapatsa malipiro a madola 1,000 pa caka, oposa a aphunzitsi ambiri, ndi zipinda ziwiri zogonamo ndi kusungiramo zomera zao, pamene aphunzitsi ena osakwatira anali kugona awiri-awiri m'cipinda cimodzi. Anzao anayamba kung'ung'udza a Carver asanakhazikike n'komwe.

A Carver anabwera ndi mtima wofufuza ndi kuphunzitsa. A Washington anali kufuna kapitao wa famu. Anawasenzetsa minda, ziweto, makalasi, malo oyeserapo mbeu, makomiti, ngakhale kuyang'anira zitsime ndi zimbudzi, ndipo pa zonsezi anali kufuna malipoti olembedwa. M'kalasi a Carver anali mphunzitsi wokondedwa zedi. Wophunzira akabweretsa tsamba kapena kacilombo, phunziro linali kuyambira pomwepo. Koma pa kusunga mabuku a ziwerengero ndi kulamula anchito anali ofooka. Khola la nkhuku linakhala cilonda cosapola: nkhuku zinali kufa, zina kusowa, ndipo mu 1904 komiti ya sukulu inapeza kuti ziwerengero za m'malipoti ao zinali zosagwirizana ndi zimene zinali m'khola. A Carver anaona ngati anenedwa kuti ndi abodza, ndipo anaopseza kuti aleka nchito.

Mkanganowo unakula kaamba ka a George Bridgeforth, mphunzitsi wacinyamata wa m'cigawo comweco ca zaulimi, wacangu pa kuyendetsa zinthu ndiponso wosabisa kuti anali kupeputsa mkulu wake. Mu 1910 a Washington anagawa cigawoco: minda ndi ziweto zinakhala m'manja mwa a Bridgeforth, ndipo a Carver anapatsidwa zofufuza. A Carver analemba kalata yoleka nchito. Anawanyengerera powalonjeza labotale yokhala ndi zipangizo, koma patapita miyezi 11 anali kudandaulabe kuti zipangizozo sizinafike. Mu 1911 a Washington anawalembera kalata yolimba, yowayamikira monga mphunzitsi ndi wofufuza waluso, koma yowauza mosapita m'mbali kuti luso loyendetsa cigawo cacikulu alibe, ndi kuti malamulo a sukulu ayenera kutsatidwa ndi aliyense. M'zaka zotsatira a Carver anaopsezanso kangapo kuti acoka, ndipo nthawi iliyonse a Washington anali kupeza njira yowakhazika mtima pansi.

Onse awiri anali ndi mfundo. Sukulu yodalira zopempha sikanatha kutaya nkhuku ndi mkaka popanda wofunsa. Koma zaka zambiri za munthu waluso losowa zinathera pa kuwerenga mazira ndi kuyankha makalata odzudzula. Pamene anapatsidwa mpata wocita zimene anali kudziwa, zipatso zinaoneka: timabuku tophunzitsa alimi kubwezeretsa conde m'nthaka yoguga ndi thonje pobzala nyemba, kandolo ndi nshawa, ndiponso ngolo yophunzitsira alimi m'midzi, yochedwa Jesup Wagon, imene inayamba kuyenda mu 1906.

Ena sanapirire motero. A Robert Taylor, munthu wakuda woyamba kutsiriza maphunziro pa Massachusetts Institute of Technology, anafika mu 1892 nalemba mapulani a nyumba zambiri za sukuluyo, kuphatikizapo chalichi cacikulu. Mu 1899 anacoka kupita ku Cleveland, ndipo olemba mbiri ena amati anatopa ndi kulamuliridwa pa kanthu kalikonse. Anabwerera mu 1902 napatsidwa udindo wa mkulu wa zigawo za nchito za manja, ndipo ulendo uno anakhala zaka pafupi-fupi 30. A Roscoe Conkling Bruce, ophunzira ku Harvard, anatsogolera cigawo ca maphunziro a m'mabuku kuyambira 1902. A Washington analamula kuti masamu ndi Cingelezi ziziphunzitsidwa mogwirizana ndi nchito za manja, kuti wophunzira aziwerengera njerwa za cipupa ndi kulemba cimangirizo ca kusula zitsulo. Aphunzitsi a m'mabuku anaona kuti maphunziro ao asanduka kapolo wa nyundo ndi khasu, ndipo mu 1906 a Bruce anacoka kukagwira nchito m'masukulu a mu mzinda wa Washington. A W. E. B. Du Bois, amene anaitanidwa kangapo kudzaphunzitsa pa Tuskegee, sanavomere nchito yokhazikika pamenepo, ndipo mu 1903 anadzudzula a Washington poyera m'buku lao.

Koma analiponso amene anagwira nchito zaka zambiri pamenepo. A Warren Logan anasunga cuma ca sukulu zaka pafupi-fupi 40, nagwirizira udindo wa mkulu wa sukulu mwini wake akacoka. Akulu ao a Washington, a John, anayang'anira nchito za manja, ndipo mkazi wao wacitatu, Mai Margaret Murray, anayang'anira atsikana. A Emmett Scott, mlembi wao kuyambira 1897, anali maso ndi makutu ao. Ambiri anakhala kaamba konyadira kuti anthu akuda akuyendetsa okha sukulu yaikulu cotere. Ena anakhala cifukwa cakuti kum'mwera kwa America kunalibe malo ambiri kumene munthu wakuda wophunzira akanapeza nchito yolingana ndi maphunziro ake, ndipo kukhalitsa kwa aphunzitsi otere sikungawerengedwe monga umboni wakuti anali okondwa.

Codabwitsa n'cakuti dzina la a Washington likugwirizananso ndi njira ina yoyang'anira aphunzitsi, yofatsa kwambiri. Mu 1907 Mai Anna Jeanes a ku Philadelphia anapereka madola miliyoni imodzi kuthandiza masukulu a anthu akuda a m'midzi, ndipo a Washington anali mmodzi wa osunga thumbalo. Ndalamazo zinalipira aphunzitsi oyendera anzao, amene nchito yao inali kulangiza ndi kuthandiza mphunzitsi wa kumudzi, osati kumugwira zolakwa. Njira imeneyi inafika kuno pambuyo pa ulendo wa bungwe la Phelps-Stokes mu 1924, pamene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia. Sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Mazabuka, ndipo mu 1939 inasamukira ku Chalimbana m'boma la Chongwe.

Munthu amene ulamuliro wa a Washington unamupanikiza koposa anali iwo eni. Kwa zaka 18 sanapite pa chuthi, kufikira mu 1899 pamene abwenzi ao a ku Boston anasonkha ndalama nawatumiza ku Ulaya kwa miyezi itatu pamodzi ndi Mai Margaret. M'sitima ya pamadzi anali kugona maola 15 pa tsiku. Atabwerera anayambiranso monga kale, naonjezapo nchito zina: bungwe la amalonda akuda mu 1900, thandizo la mseri kwa maloya otsutsa malamulo a tsankho m'makhoti, ndi mgwirizano ndi a Julius Rosenwald umene pofika 1932 unali utamanga masukulu a m'midzi pafupi-fupi 5,000.

Mu November 1915 anadwala kwambiri ali ku New York. Madokotala atanena kuti atsala ndi masiku ocepa, anapempha kuti awabwezere kwao. Anafika pa Tuskegee ndi sitima ya pamtunda usiku, namwalira patangopita maola ocepa, ali ndi zaka 59. Madokotala amene anaunikanso zolemba za matenda ao mu 2006 anapeza kuti cimene cinawapha cinali kuthamanga kwa magazi kopitirira muyeso. Anthu zikwi-zikwi anafika pa maliro ao, ndipo anaikidwa pa sukulu pomwepo m'manda a njerwa omangidwa ndi ophunzira.

Amene analowa m'malo mwao, a Robert Russa Moton ocokera ku Hampton, anali munthu wa mtima wofatsa. Anapeputsa nchito ya m'kalasi ya a Carver nawalola kufufuza ndi kuyenda kukalankhula ndi anthu. Mu 1921 a Carver anaimirira pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya America kufotokoza zinthu zimene zingapangidwe ndi nshawa, ndipo dzina lao linamveka m'dziko lonse. Munthu amene analemba makalata ambiri oleka nchito uja anakhala pa Tuskegee zaka 47. Anamwalira pa 5 January 1943, ndipo manda ao ali pafupi ndi a Booker T. Washington.